Harvey, Robinson Kapena Savard: Kuyeza Otchinga Kumbuyo a Montreal Canadiens

Timu ya Montreal Canadiens ya ku Canada inakhazikitsidwa mu 1909, ndipo yatenga chikho cha Stanley maulendo 24, kuposa timu ina iliyonse pa masewero a hockey ya pa madzi oundana. Timu ya mbiri yotere sisowa akatswiri oti anthu aziwakanganirana. Mkangano umodzi umene suzizira pakati pa ochemerera, atolankhani ndi makochi ndi uwu: mwa otchinga kumbuyo onse amene anavalapo jezi yofiira ya timuyi, wopambana ndani?

M'funsoli muli mafunso angapo obisika. Tikufunsa za amene anafika pamwamba kwambiri kwa sizoni imodzi kapena ziwiri, kapena za amene anatumikira bwino zaka zambiri? Tikumuyerekeza ndi anzake a m'nthawi yake, kapena ndi osewera a lero? Ndipo tikuwerenga zigoli zimene anathandiza kuti zilowe, kapena zimene analetsa? Funso lomalizali ndilo gwero la vuto lonse. Chigoli chikalowa chimalembedwa m'buku pamodzi ndi dzina la mwini wake. Chigoli chimene chaletsedwa chisanayambe n'komwe kukonzeka sichisiya chizindikiro, chonsecho ndiye ntchito yaikulu imene wotchinga kumbuyo amalipidwira.

Ntchito ya wotchinga kumbuyo

Amene amatsatira mpira wamiyendo ali kale ndi poyambira, ngakhale kusiyana kulipo kwakukulu. Bwalo la mu NHL, ligi yaikulu ya ku Canada ndi America, ndi la ayezi, mamita 61 m'litali ndi 26 m'lifupi, ndipo lazunguliridwa ndi khoma. Osewera amavala nsapato zokhala ndi mpeni wachitsulo kunsi n'kumaterereka pa liwiro loposa la munthu wothamanga. M'malo mwa mpira pali puck, kachimbale kolimba ka labala kolemera pafupifupi magalamu 170, komwe amakankha ndi ndodo zopindika kumapeto. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri ndi akutsogolo atatu. Masewero amatenga mphindi 60 zogawidwa patatu.

Liwiro lake ndi lotopetsa moti kupatula goloboyi palibe amene amasewera mphindi zonsezo. Osewera amasinthana masewero ali mkati, aliyense akangokhala m'bwalo masekondi 40 kapena 50. Masiku ano timu imabwera ndi otchinga kumbuyo 6 oyenda awiriawiri. Wodalirika kwambiri amasewera mphindi 24 kapena kuposerapo, pamene wakumapeto amapeza pafupifupi 15.

Tiyeni tione kachigawo kamodzi ka ntchitoyi. Adani aponya puck kuseri kwa golo, pakuti m'masewerowa kuseri kwa golo kumaseweredwanso. Wotchinga kumbuyo amatembenuka n'kuithamangira, nkhope italoza kukhoma. Kumbuyo kwake kukubwera munthu wa makilogalamu 90 amene malamulo akumulola kumugunda ndi phewa n'kumupanikiza kukhomako. Wodziwa ntchito amacheuka kamodzi kapena kawiri asanafike, kuti aone komwe kuli anzake. Pofika pa puck amakhala atasankha kale chochita: kuipatsira mnzake mbali inayo ya golo, kuizungulitsa m'mphepete mwa khoma, kapena kunamizira kupita kumanzere n'kukhotera kumanja nayo. Zonsezi zimatha m'masekondi awiri. Akachita bwino, timu yake imatuluka m'dera lake ikuyenda ndi puck, ndipo m'buku simulembedwa kanthu. Akachedwa pang'ono, puck imalandidwa pafupi ndi golo, ndipo bwalo lonse limaona amene walakwa. Pa masewero amodzi izi zimachitika kambirimbiri.

Ntchito zina ndi kutsetsereka chammbuyo akuyang'anizana ndi mdani popanda kumusiyira mpata waukulu, kuchotsa adani pamaso pa goloboyi, ndi kutchinga puck ndi thupi. Palinso ntchito yakutsogolo. Wosewera akalakwira malamulo amatulutsidwa kwa mphindi ziwiri, ndipo timu inayo imasewera ili ndi munthu mmodzi woposa. Nthawi imeneyi imatchedwa power play, ndipo amene amaiyendetsa kawirikawiri ndi wotchinga kumbuyo woima pa mzere wabuluu wolowera m'dera la adani.

Doug Harvey ndi zaka za matimu 6

Doug Harvey anayamba kusewera ndi Canadiens mu 1947, ligi ili ndi matimu 6 okha. Panthawiyo otchinga kumbuyo ambiri ankati akapeza puck n'kuitayira kutsogolo msanga kuti ngozi ichoke. Harvey ankaisunga pa ndodo. Ankadikira mdani kuti abwere kudzamulanda, ndipo mdaniyo akangodzipereka, iye ankapatsira mnzake wakutsogolo amene tsopano anali ndi njira yotseguka. Poyamba ochemerera ena ankamuona ngati waulesi chifukwa sankaoneka wothamanga. Pambuyo pake anazindikira kuti masewero ankafulumira kapena kuchedwa malinga ndi mmene iye wafunira.

Umboni wa mphamvu ya timu imeneyo uli m'buku la malamulo. Kale wolangidwa ankakhala kunja mphindi ziwiri zathunthu, ngakhale adani atagoletsa kangati. Power play ya Montreal, imene Harvey ndi Bernie Geoffrion ankaiyendetsa kuchokera pa mzere wabuluu, inali yoopsa moti pa 5 November 1955 Jean Béliveau anagoletsa zigoli zitatu m'masekondi 44 osewera a Boston ali pachilango. Mu 1956 ligi inasintha lamulo kuti wolangidwa mphindi ziwiri azibwerera m'bwalo adani akangogoletsa. Lamuloli lilipo mpaka lero.

Harvey anatenga chikho cha Stanley maulendo 6 ndi Montreal, mu 1953 kenako zaka zisanu zotsatizana kuyambira 1956 mpaka 1960. Mphoto ya Norris, yopita kwa wotchinga kumbuyo wopambana m'ligi yonse, inayamba mu 1954, ndipo iye anaitenga maulendo 7 pa zaka 8, kuyambira 1955 mpaka 1962. Chaka chimodzi chimene anaiphonya, 1959, inapita kwa mnzake wa timu yomweyo, Tom Johnson. Komabe Harvey sanagoletsepo zigoli 10 m'sizoni imodzi, ndipo mapointi ake ochuluka kwambiri anali 50. Amene angayang'ane manambala okha, osadziwa nthawi imene anasewera, angamudutse osamuona.

Atatu a m'zaka za m'ma 1970

Kuyerekeza kumakoma kwambiri pa anthu amene anasewera limodzi, pansi pa kochi mmodzi, ndi goloboyi mmodzi kumbuyo kwawo. Montreal inali ndi atatu otere pa nthawi ya kochi Scotty Bowman: Serge Savard, Guy Lapointe ndi Larry Robinson. Anatenga chikho zaka zinayi zotsatizana, 1976 mpaka 1979. M'sizoni ya 1976-77 timuyi inapambana masewero 60 mwa 80, inagonja 8 okha, inagoletsa zigoli 387 n'kulowetsedwa 171. Onse atatu ali mu Hockey Hall of Fame ku Toronto, ndipo manambala a majezi awo, 18, 5 ndi 19, anapachikidwa kudenga la bwalo la timuyi.

Lapointe ndiye anali wogoletsa. Zigoli zake 28 za mu 1974-75 zikadali zochuluka kwambiri zimene wotchinga kumbuyo wa Canadiens anagoletsapo m'sizoni imodzi.

Robinson anali chimphona cha masentimita 193 chodziwa kutsetsereka ndi puck kuchokera kugolo lake mpaka la adani. Mu 1976-77 anapeza mapointi 85, omwe palibe wotchinga kumbuyo wa timuyi anali atawafikapo. Anatenga Norris mu 1977 ndi 1980, komanso mphoto ya Conn Smythe, ya wosewera wopambana m'masewero a chikho, mu 1978. Kukula kwake kunalinso ndi ntchito. M'zaka zimenezo timu ya Philadelphia Flyers inatenga chikho kawiri, mu 1974 ndi 1975, ndi kaseweredwe koopseza ndi ndewu. Pa ndime yomaliza ya 1976 Montreal inaigonjetsa masewero anayi otsatizana, ndipo chimene ambiri amakumbukira ndi mmene Robinson anagundira Gary Dornhoefer kukhoma la bwalo la Forum.

Savard ndiye wovuta kumuyeza, ndipo ndi amene amaphunzitsa zambiri pa funso lathuli. Mu 1969, ali ndi zaka 23, anakhala wotchinga kumbuyo woyamba kutenga Conn Smythe. Panthawiyo anali wothamanga ndi wokonda kupita kutsogolo. Kenako anathyoka mwendo mu 1970, n'kuthyokanso womwewo mu 1971. Atabwerera anasintha kaseweredwe: anayamba kudalira kuima pamalo oyenera, kutambasula ndodo ndi kuwerenga maganizo a mdani. Mdani akamuyandikira iye ali ndi puck, ankazungulira thupi lonse ngati nguli, msana n'kutchinga mdaniyo, n'kutulukira mbali inayo puck ikadali pa ndodo. Woulutsa masewero Danny Gallivan anatcha kazungulidweka ndi dzina la Savard. Kawirikawiri ankasewera limodzi ndi Robinson, ndipo kukhazikika kwake kumbuyo ndi kumene kunkapatsa mnzakeyo ufulu wothamangira kutsogolo. Anatenga chikho maulendo 8 ngati wosewera, kuposa Robinson ndi Lapointe amene anatenga 6 aliyense, koma Norris sanaitengepo.

Omuikira kumbuyo amakonda kutchula masewero 8 a mu 1972 pakati pa Canada ndi Soviet Union. Canada inapambana anayi, inagonja atatu, n'kufanana mphamvu kamodzi. Savard anasewera asanu, ndipo atatu amene sanasewere ndi omwe Canada inagonja. Nkhaniyi ndi yoona, koma masewero asanu ndi ochepa kwambiri kuti munthu amangirepo chigamulo. Mphamvu yake ili pakuti ikugwirizana ndi zimene anzake ndi makochi ankanena za iye kwa zaka zambiri.

Mapointi ndi plus-minus

Muyeso woyamba umene aliyense amathamangira ndi mapointi. Pointi imaperekedwa kwa wogoletsa ndi kwa anzake awiri omaliza kukhudza puck chigoli chisanalowe. Pa muyeso uwu Robinson alibe mnzake: mapointi 883 m'masewero 1,202 ndi Montreal. Lapointe ndi Andrei Markov wa ku Russia amatsatira ndi 572 aliyense.

Mavuto a muyesowu ndi atatu. Loyamba, mapointi ambiri a wotchinga kumbuyo amachokera pa power play, ndipo amene amasankha woima pamenepo ndi kochi. Wina akhoza kukhala ndi luso lofanana koma osapatsidwa mpata chifukwa mnzake anakhala kale pamalopo. Lachiwiri, zigoli sizichuluka mofanana nthawi zonse. Harvey ankasewera masewero 70 pa sizoni ndi matimu asanu okhaokha, iliyonse maulendo 14, ndipo iliyonse inali ndi goloboyi wosankhidwa mwa ochepa opambana. Mu 1967 matimu anachuluka kufika 12, pofika 1974 anali 18, ndipo ligi ina yopikisana nayo, WHA, inatenganso osewera ambiri pakati pa 1972 ndi 1979. Matimu ofooka anachuluka, zigoli nazo zinachuluka. Lachitatu, mapointi sanena chilichonse za zomwe zikuchitika kugolo lako. Mu 2006-07 Sheldon Souray wa Montreal anagoletsa zigoli 26, ndipo 19 mwa izo zinali za pa power play. Koma pamene matimu anali ndi anthu ofanana m'bwalo, timu yake inkalowetsedwa zambiri kuposa zomwe inkagoletsa iye ali mkati, moti anamaliza sizoni ndi minus 28.

Nambala yomalizayi ndi ya muyeso wachiwiri, plus-minus. Wosewera amalandira plus imodzi timu yake ikagoletsa iye ali m'bwalo, ndi minus imodzi ikalowetsedwa. Zigoli zogoletsedwa ndi timu imene ili pa power play siziwerengedwa. Cholinga chake ndi chabwino: kugwira ntchito yosaoneka ija poyang'ana zotsatira zake. Apanso Robinson ali pamwamba. Mu 1976-77 anamaliza ndi plus 120, yachiwiri m'mbiri ya ligi kutsatira plus 124 ya Bobby Orr wa Boston mu 1970-71, ndipo pa moyo wake wonse wa masewero anapitirira plus 700, zimene palibe wina anazichitapo.

Koma plus-minus imagawira anthu asanu mphoto kapena chilango cha chinthu chimene mwina wachita ndi mmodzi. Goloboyi akalola chigoli chofewa, onse asanu amalandira minus. Wakutsogolo ngati Guy Lafleur wa Montreal akapyola adani atatu n'kugoletsa, wotchinga kumbuyo amene wangolowa kumene kuchokera pa benchi amakolola pamene sanalime. Timu ikakhala yamphamvu, aliyense amaoneka katswiri. Ikakhala yofooka, aliyense amaoneka wolephera: Bill Mikkelson anamaliza ndi minus 82 mu 1974-75, akusewerera Washington Capitals imene inapambana masewero 8 okha sizoni yonse. Njira yabwino yogwiritsira ntchito muyesowu ndi kuyerekeza anthu a timu imodzi, m'sizoni imodzi. Pa kayezedwe kameneka Robinson amapambanabe, chifukwa mu 1976-77 anasiya kutali ngakhale anzake a timu yomweyo. Koma popeza nthawi yambiri anali limodzi ndi Savard, palibe angalekanitse bwinobwino gawo la aliyense.

Za Harvey muyesowu sutithandiza kwenikweni, chifukwa ligi inayamba kufalitsa plus-minus mu 1967-68, zaka zake zabwino zitapita.

Mavoti a Norris

Mphoto ya Norris imaperekedwa potsatira mavoti a atolankhani olemba za hockey. Ubwino wake ndi wakuti ndi umboni wa anthu amene ankaona masewerowo ndi maso pa nthawi yake. Pa osewera akale, umene tili nawo wodalirika ndi umenewu.

Zofooka zake n'zodziwikanso. Ovota amakopeka ndi mapointi, ngakhale si nthawi zonse: Rod Langway, amene Montreal inamutumiza ku Washington mu 1982, anatenga Norris mu 1983 ndi 1984 chifukwa cha kutchinga kokha. Mphotoyi imapita kwa munthu mmodzi pachaka, choncho zimadalira amene wabadwa naye nthawi imodzi. Orr anaitenga zaka 8 zotsatizana, 1968 mpaka 1975, kenako Denis Potvin wa New York Islanders anaitenga mu 1976, 1978 ndi 1979. Zaka zabwino za Savard ndi Lapointe zinagwera ndendende m'nyengo imeneyi. Komanso timu ikakhala ndi akatswiri atatu, mavoti amagawikana. Choncho kusatenga Norris sikutsimikizira kuti munthu anali wochepa. Koma kuitenga maulendo 7 kumatanthauza kanthu, pakuti mwayi sungabwere kasanu ndi kawiri. Kupatula Harvey, amene anafika pa 7 ndi Nicklas Lidström wa Detroit, ndipo amene anapitirira ndi Orr yekha.

Miyeso yatsopano, ndi nkhani ya Subban ndi Weber

Kuyambira m'sizoni ya 2007-08 ligi imalemba malo amene puck iliyonse yaomberedwa ndi mayina a onse amene anali m'bwalo. Zimenezi zinabala miyeso yatsopano. Wotchuka kwambiri ndi Corsi, wotchedwa ndi dzina la Jim Corsi amene ankaphunzitsa magoloboyi ku Buffalo Sabres. Umawerenga maulendo onse amene timu yayesa kuombera kugolo, kaya puck yafika, yaphonya kapena yatchingidwa, n'kuyerekeza ndi a adani. Chifukwa chake n'chomveka. Zigoli pa masewero amodzi zimakhala pafupifupi 6, zochepa moti mwayi umalowererapo kwambiri, pamene kuombera kumapitirira 100. Timu imene ikuombera kwambiri ndi imene ikukhala ndi puck, ndipo adani sangagoletse puck ili kwa iwe. Pambuyo pake kunabwera muyeso wina umene umapatsa kuombera kulikonse kulemera kwake malinga ndi mtunda ndi mbali imene kwachokera, popeza kuombera pafupi ndi golo sikufanana ndi kwa kutali.

Miyeso imeneyi inasintha mmene anthu amaonera wotchinga kumbuyo. Amene amatchinga puck ndi thupi kwambiri ndi kugunda adani kwambiri ankaonedwa ngati mwamuna weniweni. Koma munthu amatchinga ndi kugunda pamene puck ili kwa adani. Ngati akuchita zimenezi usiku wonse, mwina vuto ndi lakuti sakutha kuitulutsa m'dera lake. Ntchito ya masekondi awiri ija ya kuseri kwa golo inayamba kuoneka m'manambala.

Njira ina yothandiza kwambiri ndi kulekanitsa awiri oyenda limodzi: kuona mmene timu imachitira onse ali m'bwalo, ndi mmene imachitira aliyense ali ndi wina. Mike Komisarek anaoneka wamphamvu akusewera pambali pa Markov, mpaka anasankhidwa ku masewero a akatswiri a mu 2009. Chaka chomwecho anapita ku Toronto, komwe sanafikenso pamene anali. Kuvulala kunathandizirapo, koma ambiri anazindikira pamenepo kukula kwa ntchito imene Markov ankagwira mwakachetechete.

Nayonso miyeso yatsopanoyi ili ndi malire. Kochi amatumiza wodalirika wake kukakumana ndi akatswiri a adani, ndiponso kukayambira pafupi ndi golo lake. Woteroyo manambala ake amatsika chifukwa cha kulemera kwa katundu amene wasenzetsedwa. N'chifukwa chake mphindi zosewera, zomwe ligi inayamba kulemba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi umboni wofunika. Kochi akhoza kutamanda aliyense pamaso pa atolankhani, koma amene amamutumiza m'bwalo mphindi yomaliza timu ikutsogola ndi chigoli chimodzi ndiye amene amamukhulupirira.

Kusiyana kwa maganizo pakati pa okhulupirira manambala ndi odalira kayezedwe kakale kunaonekera poyera pa 29 June 2016, pamene mkulu woyendetsa timu, Marc Bergevin, anatumiza P.K. Subban ku Nashville Predators n'kutenga Shea Weber. Subban anali ndi zaka 27, anali atatenga Norris mu 2013 ndi mapointi 38 m'masewero 42, ndipo ankadziwika ndi kunyamula puck ndi kuyesa zinthu zoopsa zimene nthawi zina zinkabala chigoli mbali yolakwika. Weber anali ndi zaka 30, wolemera thupi, woombera mwamphamvu kuposa pafupifupi aliyense, wosalola mdani kuima pamaso pa goloboyi. Okhulupirira manambala ambiri anati Montreal yataya, popeza inapereka wamng'ono woyendetsa puck bwino n'kutenga wamkulu wa kontilakiti yaitali: Weber anasaina zaka 14 pa madola 110 miliyoni mu 2012, Subban zaka 8 pa madola 72 miliyoni mu 2014. Ena anati timu imafunika mtsogoleri wokhazikika kumbuyo.

Zotsatira sizinathetse mkanganowu. Nashville inafika ndime yomaliza mu 2017 n'kugonja kwa Pittsburgh. Subban anasewera bwino zaka ziwiri, kenako anatsika msanga, anapita ku New Jersey mu 2019 n'kusiya masewero mu 2022. Weber anakhala kaputeni mu 2018, anavutika ndi kuvulala, koma anatsogolera Montreal kufika ndime yomaliza mu 2021, komwe inagonja kwa Tampa Bay. Sanasewerenso kuchokera pamenepo. Nkhaniyi ikusonyezanso chifukwa chake funsoli si la ochemerera okha. Kuyambira 2005 ligi inaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, choncho kulakwitsa poyeza wotchinga kumbuyo mmodzi kumamanga timu manja kwa zaka zambiri.

Zogwirizana ndi zotsutsana

Pafupifupi onse amavomereza kuti mpikisano weniweni uli pakati pa Harvey ndi Robinson. Chris Chelios, amene anatenga Norris mu 1989, anachoka mu 1990 asanakhalitse. Jacques Laperrière, wa Norris ya 1966, Subban ndi Markov anali akatswiri, koma sanalamulire ligi yonse kwa zaka zambiri. Ambiri amavomerezanso kuti mwa atatu a Bowman, Robinson ndiye anali wokwanira mbali zonse.

Pa malo achiwiri mwa atatuwo anthu amasiyana. Okonda mapointi amasankha Lapointe. Ine ndimaona kuti Savard amachepetsedwa mosayenera, chifukwa miyeso yonse imene inalipo m'nthawi yake inali yosatha kuona ntchito yake. Akanasewera lero, mphindi zake, adani amene ankakumana nawo, ndi mmene anzake ankachitira ali naye ndi popanda iye, bwenzi zikumuchitira umboni.

Pakati pa Harvey ndi Robinson, yankho limadalira funso limene wafunsa. Oikira kumbuyo Robinson amanena zoona akati anasewera m'ligi yaikulu, anakumana ndi Orr, Potvin ndi Ray Bourque, ndipo pa sizoni zake 20 za mu NHL sanaphonyepo masewero a chikho. Oikira kumbuyo Harvey amayankha kuti Robinson anali wopambana m'ligi zaka ziwiri, pamene Harvey anali wopambana pafupifupi zaka 10. Amakumbutsanso kuti Conn Smythe inayamba mu 1965, Harvey atachoka kale ku Montreal, choncho kusowa kwake sikuyenera kuwerengedwa.

Pali mayeso amodzi amene onse awiri anadutsamo, ndipo ndi amene amayankha bwino nkhawa yakuti mwina ankangodyera m'mbale ya timu yamphamvu. Mu 1961 Montreal inatumiza Harvey ku New York Rangers, patapita zaka zochepa iye ndi Ted Lindsay wa Detroit atayesa kukhazikitsa bungwe loimira osewera. Rangers inali itatha zaka zitatu isakulowa m'masewero a chikho. Harvey anakhala wosewera komanso kochi nthawi imodzi, timuyo inalowa, ndipo iye anatenganso Norris ali ndi zaka 37, wopanda Béliveau, Geoffrion kapena goloboyi Jacques Plante. Robinson naye, Savard, Lapointe, Lafleur ndi goloboyi Ken Dryden atachoka onse, anapeza mapointi 82 mu 1985-86 ali ndi zaka 34 n'kutenga chikho ndi timu ya achinyamata. Onse anapambana mayesowo. Koma timu imene Harvey anaipeza inali yofooka kuposa imene Robinson anatsala nayo, ndipo pa chifukwa chimenechi, kuphatikizapo kutalika kwa ulamuliro wake ndi kusintha kumene anabweretsa pa kaseweredwe, ndimaika Harvey patsogolo. Amene angasankhe Robinson sanalakwitse masamu. Wangopatsa kulemera kwakukulu ku mphamvu ya ligi ya m'nthawi yake.

Dzina latsopano

Mu 2024-25 Lane Hutson, mnyamata wochepa thupi wa ku America, anapeza mapointi 66 m'sizoni yake yoyamba, kupitirira 64 a Chelios a mu 1984-85, ndipo anatenga mphoto ya Calder ya wosewera watsopano wopambana. Mapasi ake 60 obala chigoli anafanana ndi a Larry Murphy, omwe ndi ochuluka kwambiri kwa wotchinga kumbuyo wa chaka choyamba m'mbiri ya ligi. Ochemerera ayamba kale kumutchula pamodzi ndi mayina akale aja.

Iye adzayezedwa ndi zida zimene Harvey ndi Savard analibe. Tidzadziwa mapointi angati achokera pa power play, mphindi zingati amasewera, ndi adani ati amene kochi amamutumizira, ngati amalowa timu yake ikakhala yoperewera munthu, ndi mmene amachitira akasinthidwa woyenda naye. Chimene zida sizingafulumizitse ndi zaka. Harvey anasankhidwa maulendo 10 m'gulu loyamba la akatswiri a ligi yonse, ndipo Robinson anasewera sizoni 17 ndi jezi ya Montreal kuti afike pa mapointi ake 883.